Pakutha Ukwati, Mlandu Woyamba Ndi wa Ana

Nkhani ya lero ili ya tsiku limene palibe munthu alikonda, tsiku limene ankhoswe a mbali ziwiri akhala pansi kuti akambe za ukwati umene wafika pakutha. Anthu ambiri a m'dziko lino la Zambia anakhalapo pa bwalo lotere, ena monga ankhoswe, ena monga abale a mwamuna kapena a mkazi, ndipo adziwa bwino m'mene nkhani imayendera. Poyamba akamba za amene analakwa. Mwamuna anena zace, mkazi anena zace, ndipo zinthu zimene zinacitika zaka khumi zapitazo zifukulidwa zonse. Atatha izi alowa m'nkhani ya katundu: nyumba ikhala ya yani, malata agawidwa bwanji, ng'ombe ndi njinga zipita kuti. Dzuwa litapendeka, anthu atatopa, ena ali kuyang'ana kale njira ya kwao, mpamene munthu mmodzi afunsa kuti, "Nanga ana?" Ndipo mlandu wa ana, umene udzakhalapo zaka zambiri malata aja atadyeka ndi dzimbiri, authetsa ndi mau awiri kapena atatu, anthu ali ciimirire.

Dongosolo limeneli liyenera kutembenuzidwa, kuti mlandu wa ana uyambe kukambidwa m'mawa, mitu ya anthu isanatope ndi mitima isanapse. Cifukwa cace ncapafupi. Ankhoswe akhoza kumasula ukwati, ndipo bwalo la milandu likhoza kupatsa munthu kalata ya cisudzulo, koma palibe kalata imene ileketsa mwamuna kukhala atate, kapena mkazi kukhala amai. Anthu awiri aja, angakhale adane cotani lero, adzakomanabe ku sukulu, ku cipatala, pa ukwati wa mwana wao ndi pa maliro. Tsono cimene ankhoswe ali kukonza pa tsikulo ndico njira imene awiriwo adzalerere ana pamodzi ali kukhala m'nyumba ziwiri.

Zimene Mwambo Unena

Makolo akale sanaiwale ana pothetsa ukwati. Mtundu uli wonse unali ndi yankho lace lodziwika kale. Pakati pa Acewa a ku Katete ndi Chadiza, ndiponso pakati pa Ansenga a ku Petauke, ana awerengedwa ku mbali ya amai. Mwamuna anali kukhala ku cikamwini, ndipo ukwati ukatha anali kubwerera kwao, ana natsala ndi amai ao pansi pa mwini mbumba, ndiye atsibweni, amene ena ati amalume. Angoni a Mpezeni, amene makolo ao anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, anadza ndi mwambo wina. Kwa iwo, mwamuna akapereka malowolo ana akhala a mbali ya atate, ndipo mkazi akacoka ana atsala pa mudzi wa atate ao.

Miyambo iwiriyi isiyana, koma nzeru yace inali imodzi. Mwana anali kudziwa mudzi wace, munda umene adzalima, nkhokwe imene adzadyako, ndi munthu amene adzamuimirira pa mlandu. Atate kapena amai akacoka, mwana anali kutsala pakati pa ambuye ace, azakhali ndi abale ena amene anamdziwa cibadwire.

Koma mudzi uja wasintha. Kuyambira pamene amuna anayamba kupita ku migodi ya ku Copperbelt, ndi ku matauni a m'mbali mwa njanji, anthu a mitundu yosiyana akwatirana, ndipo Mcewa akwatira Mtonga, Mngoni akwatira Mbemba. Atsibweni amene mwambo uwapatsa ana mwina akhala ku Lusaka m'nyumba ya zipinda ziwiri, ali ndi ana ao asanu. Ambuye amene anali kulera adzukulu mwina akalamba, osatha kugwira khasu. Pa cifukwa ici mwambo umene unali cofunda ca mwana, ena ausandutsa cothawira. Mwamuna wa ku cikamwini ati, "Ana si anga, atsibweni ao awalipirire," nacoka osayang'ana m'mbuyo. Mwamuna wolowola ati, "Ndinapereka ng'ombe," natenga kamwana ka zaka ziwiri kukakasiya kwa munthu wina, pamene iye mwini acoka m'mamawa nabwera usiku. Onse awiri achula mwambo, koma makolo amene anaika mwambowo sakadabvomera kuti mwana agone ndi njala kamba ka iwo.

Mwambo ufunsa kuti, "Ana nga yani?" Funso limeneli lili ndi malo ace, pakuti mwana ayenera kudziwa mtundu wace ndi abale ace. Koma pali funso lina loyenera kulitsogolera, ndilo lakuti, "Mwana uyu asowa ciani kuti akule bwino, ndipo angampatse ndani?"

Zimene Lamulo Linena

M'Zambia muli maukwati a mitundu iwiri. Ukwati wa mwambo, ndiwo wa anthu ambiri, akakanika ankhoswe umamasulidwa ku Local Court, bwalo limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 1966 m'malo mwa mabwalo akale a nthawi ya Atsamunda. Kumeneko munthu adzinenera yekha, pakuti maloya saloledwa kuimirira anthu pa milandu ya ukwati. Ukwati wolembetsa mwa lamulo la Boma umamasulidwa ku High Court kokha, motsata lamulo la m'caka ca 2007 lochedwa Matrimonial Causes Act. Munthu wopempha cisudzulo kumeneko ayenera kuperekanso pepala lofotokoza za ana: kumene adzakhala, kumene adzaphunzira, ndi amene adzawasunga. Kuyambira m'caka ca 1997 High Court ili ndi njira yotumizira milandu kwa mkhalapakati, kuti anthu ayambe ayesa kupangana okha, ndipo nkhani za cuma ndi za kasungidwe ka ana zimatumizidwako kawirikawiri.

Pamwamba pa izi pali mapangano a maiko. M'caka ca 1989 bungwe la United Nations linabvomereza pangano la ufulu wa ana, ndipo Zambia inalowamo m'caka ca 1991. Maiko a mu Africa anapanganso lao ku Addis Ababa m'caka ca 1990. Pangano la 1989 linena zinthu zitatu zokhudza nkhani ino. Coyamba, pa mlandu uli wonse wokhudza mwana, oweruza ayenera kuika patsogolo cimene cingakomere mwanayo. Caciwiri, mwana wolekana ndi kholo limodzi ali ndi ufulu wa kuonana ndi makolo onse awiri, pokhapo ngati kutero kungampweteke. Cacitatu, mwana amene wafika pa msinkhu wa kuganiza ayenera kumvedwa pa nkhani zomkhudza.

M'caka ca 2022 Nyumba ya Malamulo inasonkhanitsa malamulo a ana m'lamulo limodzi lochedwa Children's Code Act, limene linalowa m'malo mwa malamulo anai akale, kuphatikizapo la m'caka ca 1995 lonena za kusunga ana. Lamulo latsopanoli linatenga mfundo yomwe ija, kuti ubwino wa mwana ndiwo woyamba, ndipo liika udindo wa kulera pa makolo onse awiri, angakhale ali pa ukwati kapena ai. Cotero mwamuna wonena kuti ana nga kwa amai ao akhoza kunena zoona pa za mtundu, koma pa za ufa, zobvala ndi mankhwala lamulo limuyesabe atate.

Zimene Ophunzira Anapeza

Ena aganiza kuti mwana wa ukwati wotha waonongeka basi, ndipo ena aganiza kuti ana amaiwala msanga. Maganizo onse awiri aphonya. Mai wina wophunzira za maganizo a anthu ku America, E. Mavis Hetherington, anatsatira mabanja pafupifupi 1,400 kwa zaka pafupifupi 30, nalemba zimene anapeza m'caka ca 2002. Anapeza kuti mwa ana 100 a makolo osudzulana, ngati 25 anali ndi mabvuto akulu a khalidwe ndi a mumtima, pamene mwa ana 100 a makolo okhala pamodzi anali ngati 10. Ndiko kunena kuti ngozi ilipo ndithu, koma ana atatu mwa anai amakula bwino. Ophunzira ambiri abvomerezana kuti cimene cipweteka mwana koposa ndico ndeu ya makolo yosatha, makamaka imene mwana aikidwa pakati, pamodzi ndi umphawi umene ugwa pa nyumba ndi kusowa kwa kholo limodzi. Zitatu zonsezi ankhoswe akhoza kuzicepetsa.

Mphunzitsi wina wa pa University of Virginia, Robert Emery, anayesa cinthu cina. Anatenga makolo amene anali kulimbirana ana, nawagawa pawiri mwa kuponya ndalama m'mwamba. Ena anapita kukaweruzidwa ku khoti, ndipo ena anakhala pansi ndi mkhalapakati, kwa maora ngati asanu okha. Patapita zaka 12 anawafunafunanso, nalengeza zotuluka m'caka ca 2001. Mwa makolo osakhala ndi ana ao amene anapita kwa mkhalapakati, 28 mwa 100 anali kuonabe ana ao mlungu uli wonse. Mwa amene anaweruzidwa ku khoti anali 9 okha mwa 100.

America ndi dziko lakutali, ndipo makhalidwe ace asiyana ndi a kuno. Koma phunziro lace limveka pali ponse. Munthu amasunga pangano limene anapangako yekha kuposa ciweruzo cimene anacoka naco ali wogonja. Ndipo mkhalapakati amene anthu a kumeneko anacita kumphunzitsa ku sukulu, anthu a kuno anali naye kale, ndiye nkhoswe. Cosowa ncakuti nkhoswe adziwe coyamba kufunsa.

Mafunso Asanu ndi Limodzi

Funso loyamba ndi la kogona. Pano ankhoswe asayang'ane amene wapambana pa mlandu wa ukwati, pakuti munthu akhoza kulakwira mnzace wa pa ukwati nakhalabe kholo labwino, ndipo wina akhoza kukhala wosalakwa koma wosatha kusamala mwana. Afunse zinthu zooneka ndi maso. Ndani anali kusambitsa mwanayu ndi kumphikira phala? Ndani adzakhala pa nyumba iye akaweruka ku sukulu? Adzagona m'cipinda citi, ndipo adzagona ndi yani? Mwana woyamwa sayenera kucotsedwa ku bere kamba ka ng'ombe kapena mkwiyo. Mwana wa msinkhu wa sukulu apindula akakhala pamene pali anzace, aphunzitsi ace ndi njira zimene azidziwa, pakuti kutaya kholo limodzi pa nyumba ndi katundu wokwana, ndipo kumsenzetsanso sukulu yacilendo ndi cinenero cacilendo ndiko kumthyola msana.

Funso laciwiri ndi la cakudya ndi ndalama. Mau akuti "ndidzathandiza" sadyedwa. Ankhoswe achule cinthu ndi tsiku. Ngati atate agwira nchito ya pa mwezi, anene ndalama zingati, tsiku liti la mwezi, ndipo zidzafika m'manja mwa yani. Masiku ano ndalama zitumizidwa pa foni, ndipo njira imeneyi ili ndi ubwino wakuti isiya umboni, kotero kuti palibe anganene kuti ndinapereka pamene sanapereke, kapena kuti sindinalandire pamene analandira. Ngati atate ali mlimi, anene matumba angati a cimanga ndi a nsawa pa nthawi yokolola, ndi cimene adzacita m'miyezi ya njala ya January ndi February. Amai nao ali ndi gawo lao, ndipo ngati ana atsala ndi atate, amai amene ali ndi malonda kapena nchito ayenera kuikapo dzanja.

Funso lacitatu ndi la sukulu. Kuyambira mu January 2022 Boma linacotsa malipiro m'sukulu zace kufikira ku sekondale, ndipo makolo ena ayesa kuti mlandu wa sukulu unatha pamenepo. Koma yunifomu, nsapato, makope, sopo ndi ndalama za ulendo zikali pa mutu wa makolo, ndipo mwana wa ku sukulu yogonera komweko asowa zambiri. Ankhoswe agawe zimenezi mmodzi mmodzi. Aonenso kuti mwana amene ali pafupi kulemba mayeso asasamutsidwe pakati pa caka. Mtsikana asaleketsedwe sukulu kuti akhale mlezi wa ang'ono ace, kapena kuti akwatiwe msanga ndi kucepetsa pakamwa pa nyumba. Lamulo la maukwati linakonzedwanso m'caka ca 2023, ndipo ukwati wa mwana wosafika zaka 18 uli wopanda mphamvu, ungakhale wa mwambo.

Funso lacinai ndi la matenda. Mwana akadwala usiku adzamnyamula ndani, ndipo kholo linalo lidzauzidwa bwanji? Khadi la ku sikelo, kalata ya kubadwa ndi mapepala a sukulu ziyenera kukhala kumene kuli mwana. Kubisa mapepala otere kuti mnzako abvutike ndiko kulanga mwana. Ngati mwana amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, makolo onse awiri adziwe dzina lace ndi nthawi yace, kuti asadumphe pamene ali kuceza ku nyumba inayo.

Funso lacisanu ndi la kuceza. Kholo limene silikhala ndi mwana liyenera kukhala ndi masiku ace odziwika. Okhala m'tauni imodzi akhoza kupangana za Loweruka ndi Sabata. Okhala kutali, wina ku Kitwe wina ku Lundazi, akhoza kugawana machuti a sukulu a mu April, August ndi December, nanenanso amene adzalipira basi ndi amene adzaperekeza mwana. Apangane tsiku la kulankhula pa foni. Asaiwalenso ambuye ndi azakhali a mbali inayo, pakuti iwo sanasudzulidwe, ndipo mwana wodziwa midzi iwiri ali ndi pothawira pawiri tsiku la tsoka.

Funso lacisanu ndi cimodzi ndi la kusalekanitsa ana. Pofuna kukondweretsa onse, ankhoswe ena agawa ana monga agawira mbuzi, awiri kwa atate, awiri kwa amai. Kugawa kotere kuoneka kolungama kwa akulu, koma kwa ana ndiko kutha kwa banja kaciwiri. Pamene nyumba igwedezeka, mwana atsamira pa mkulu wace ndi pa mlongo wace. Ngati palibe cifukwa cacikulu, ana a mimba imodzi akhale pamodzi.

Mayankho a mafunso awa alembedwe pa pepala. Atate, amai ndi ankhoswe a mbali zonse asainepo, ndipo yense atenge lace. Cabwino koposa ndico kulitengera ku bwalo la milandu kuti likhale lamulo, pakuti pepala la m'nyumba lidalira mtima wa munthu, ndipo mtima usintha. Akalaliki a ku khoti ndi anchito a Social Welfare, amene ali m'maboma onse, akhoza kulongosola bwalo loyenera kupitako.

Mau a Mwana

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kumvera mwana ndi kumsankhitsa. Kuimika mwana pakati pa bwalo ndi kumfunsa kuti, "Ufuna atate kapena amai?" ndi nkhanza, ingakhale icitidwe ndi mtima wabwino. Akachula amai, adzayenda zaka zambiri ndi mlandu mumtima wakuti anakana atate ace. Akachula atate, ciri cimodzimodzi. Ndipo kawirikawiri mwana achula amene amuopa, kapena amene anampatsa switi dzulo.

Njira yabwino ndiyo yakuti munthu wamkulu amene mwana amkhulupirira, monga ambuye, azakhali kapena mphunzitsi, akhale naye pambali, makolo palibe, namfunse za moyo wace: cimene cimdetsa nkhawa, cimene safuna kutaya, amene amlakalaka. Mayankho a ana amadabwitsa akulu. Wina aopa kuti sadzaseweranso mpira ndi anzace. Wina afuna kudziwa ngati mng'ono wace adzapita naye. Wina wakhala miyezi ali kuganiza kuti ukwati watha cifukwa iye anataya ndalama zimene anamtuma nazo ku msika. Mau otere abweretsedwe kwa makolo, ndipo ciweruzo cikhale ca akulu.

Pangano likatha, ana auzidwe, ndipo ngati nkotheka awauze makolo onse awiri pamodzi. Mau ace akhale ocepa ndi oona: kuti atate ndi amai sadzakhalanso nyumba imodzi, kuti cifukwa cace si ana, kuti adzagona kwakuti ndi kuphunzira kwakuti, ndi kuti kholo linalo adzaliona tsiku lakuti. Zinsinsi za ku cipinda si za makutu a ana.

Pambuyo pace pali nchito zitatu zimene mwana sayenera kupatsidwa. Asakhale mthenga, womtuma kuti, "Kauze atate ako kuti ufa watha." Asakhale kazitape, womfunsa akabwera kuti, "Kwa amai ako kunabwera yani?" Asakhale mboni, womvetsera kholo limodzi lili kunyoza linzace. Mwana adziwa kuti magazi ace acokera kwa onse awiri, ndipo akamva kuti atate ace ndi munthu wacabe, adziyesa yekha wacabe ndi theka. Akulu anati njobvu zikamenyana udzu ndiwo ubvutika, ndipo udzu sutha kuthawa.

Nchito ya Nkhoswe

Nkhoswe ali mbale wa mbali imodzi, ndipo mwa cibadwa mtima wace upendekera kwa mlongo wace kapena kwa mphwace. Koma pa mlandu wa ana ayenera kukumbukira kuti anawo ali adzukulu a mbali zonse, ndi kuti iwo okha ndiwo alibe wowanenera pa bwalo. Nkhoswe wanzeru akhoza kutsegula nkhani motere: "Alamu, ndi inu mlongo wanga, za kulakwirana kwanu tidzamva, ndipo za katundu tidzakamba. Koma tiyambe ndi awa amene sanalakwe kanthu. Lolemba likudzali adzagona kuti, ndipo adzadya ciani?" Funso lotere limaziziritsa bwalo, pakuti anthu awiri amene asiyana pa zonse kawirikawiri abvomerezana pa cimodzi, kuti onse afuna mwana wao akhute ndi kuphunzira.

Nkhoswe aletse malonda a ana. Amai ena ati, "Osapereka ndalama, mwana sumuona." Atate ena ati, "Osandionetsa mwana, ndalama sindipereka." Onse awiri alipiritsa mwana ngongole ya munthu wina. Cakudya ndi ca mwana, ndipo kuona kholo lace nkwa mwana, cotero cimodzi sicingakhale cikole ca cinzace. Kholo likaleka kupereka, njira ndiyo kubwerera kwa ankhoswe kapena ku bwalo la milandu.

Ndi katundu yemwe ayenera kuyesedwa ndi muyeso wa ana. Mlandu wa ana ukayamba kutha, wa nyumba upepuka, pakuti cidziwika kale kumene ana adzagona. Kugulitsa nyumba ndi kugawana ndalama pakati kuoneka kolungama, koma ngati ana anai atsala opanda denga, kulungama kumeneko kwapita pambali. Mabulangete, miphika ndi mphasa zimene ana agwiritsa nchito zitsate ana.

Pamene Kukambirana Sikuyenera

Si milandu yonse iyenera kuthera pa mphasa ya ankhoswe. Pamene mkazi kapena mwamuna wakhala ali kumenyedwa ndi kuopsezedwa, sangathe kupangana momasuka ndi munthu amene amuopa, ndipo adzabvomera ciri conse kuti acoke msanga. Pamene mwana wamenyedwa koopsa kapena wagwiriridwa, nkhaniyo ndi mlandu wa Boma, ndipo abale amene aibisa kuti asunge mbiri ya banja, kapena kuti alandire mbuzi, apereka mwana m'manja mwa womuononga. Apolisi ali ndi cigawo cochedwa Victim Support Unit cosamalira milandu yotere, ndipo lamulo la m'caka ca 2011 loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi lipatsa bwalo mphamvu ya kuletsa munthu wankhanza kuyandikira amene awazunza. Pa milandu yotere mfundo yakuti mwana aone makolo onse awiri igonjera mfundo yoposa, yakuti mwana akhale wopanda ngozi.

Zaka Zotsatira

Pangano lopangidwa mwana ali ndi zaka zitatu silingamkwane ali ndi zaka 13, monga malaya a mwana sakula naye. Mitengo ya zinthu ikwera, nchito zitha, anthu asamuka, ndipo makolo ambiri akwatiranso. Cifukwa cace nkwabwino kuti ankhoswe aike nthawi, kapena kamodzi pa caka sukulu isanatsegulidwe mu January, yakuti akomanenso ndi kuona ngati pangano likali kuyenda.

Ukwati watsopano ndiwo muyeso waukulu. Mwamuna akabala ana ena, a ukwati woyamba amaiwalika mosabvuta, ndipo mkazi akakwatiwa kwina ana amatumizidwa kwa ambuye ngati katundu wosowa poika. Nkhoswe wa ukwati watsopano ayenera kudziwitsa mkwati kapena mkwatibwi poyera kuti munthu uyu ali ndi ana, ndipo gawo la cuma cace lili ndi eni ace kale. Wolowa m'nyumba yotere akumbukire mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lamulo la m'caka ca 1989 lonena za cuma ca munthu womwalira wosasiya kalata ya cuma lipatsa ana theka la cumaco, ndipo ana a ukwati wotha ali m'gulu lomwelo pamodzi ndi anzao. Lamulo liwawerenga atate atamwalira, tsono atate ayenera kuwawerenga akali moyo.

Kutha kwa ukwati ndi cinthu cacisoni, ndipo ankhoswe acita bwino kuyesa kuyanjanitsa anthu pamene njira ikalipo. Koma pamene njira yatsekeka, nchito yao siinathe. Munthu amene adzaweruza nchitoyo sakhala pa bwalo tsiku limenelo, pakuti ali kusewera kuseri kwa nyumba, kapena ali pa msana. Patapita zaka 20 adzakhala munthu wamkulu, ndipo adzadziwa yekha ngati anaphunzira, ngati anakula pamodzi ndi abale ace, ndi ngati atha kulowa m'nyumba ya atate ndi m'nyumba ya amai wopanda mantha. Ankhoswe, abale ndi makolo amene adzakhala pa bwalo lotere mwezi uno ayambe ndi dzina la mwanayo.